Kuwerenga kosadumpha ndime: Tora ya sabata ndi sabata ndi zikondwerero za Tishrei

Loweruka lililonse m'mawa, m'masunagoge a ku Yerusalemu, ku London, ku New York ndi ku Johannesburg amatsegula kabati ya kutsogolo, kutulutsa mpukutu wa Tora, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pomwe analekezera sabata yapitayo. Tora ndi mabuku asanu a Mose aja: Genesis, Eksodo, Levitiko, Numeri ndi Deuteronomo. Anawagawa m'zigawo 54, ndipo chigawo chilichonse, chomwe amachitcha parasha, chili ndi sabata yakeyake pa chaka. Rabi sasankha. Akhristu ambiri anazolowera kuti mlaliki amatola vesi lomwe lamukhudza, kapena mpingo umakonzeratu mawerengo otapa apa ndi apo. Kusunagoge kulibe zimenezo. Ikafika sabata ya malamulo a khate ndi nkhungu ya m'makoma a nyumba, onse amamva za khate ndi nkhungu, ndipo amene wapatsidwa mpata woyankhula tsikulo ayenera kufukulamo china choti anthu apite nacho kwawo.

Mphamvu ya mwambowu yagona pamenepa. Mawu sasintha, nthawi yowawerenga siisuntha, koma owerengawo amafika pa ndime yomweyo chaka chilichonse atasintha: wina wakwatira, wina waferedwa, dziko lili pankhondo kapena pamtendere. Ndemanga zomwe Ayuda alemba kwa zaka mazanamazana zinabadwa pa kukhulana kumeneku. Kukhulanako kumakula kwambiri m'mwezi wa Tishrei, womwe umagwa mu Seputembala kapena Okutobala, pamene zikondwerero zimatsatizana kwa masabata atatu ndipo Tora imatha n'kuyambiranso. Chomwe chimandidabwitsa pa mwezi umenewu n'chakuti pafupifupi pa chikondwerero chilichonse, ndime yomwe arabi akale, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, anasankha imachita ngati ikutsutsana ndi chikondwererocho.

Tiyambe ndi mpukutuwo. Mlembi wophunzitsidwa bwino amaulemba pamanja, ndi nthenga kapena bango, pa zikopa za nyama yololedwa kudya, ndipo ntchitoyo imatha chaka kapena kuposerapo. Zilembo zake zilipo 304,805. Chimodzi chikasowa kapena kufufutika, mpukutuwo sauwerenganso pagulu kufikira ataukonza. Mulibe zizindikiro za mavawelo, mulibe mipumiro, mulibenso zosonyeza kayimbidwe, chikhalirecho Tora amachita kuyimba. Wowerenga amaloweza zonsezo kunyumba, ndipo akaphonya liwu omvera amamukonza mokweza pomwepo, osayang'ana kuti ndi wamkulu bwanji. Pa Sabata amaitana anthu 7 mmodzimmodzi kudzaima pafupi ndi mpukutu ndi kunena madalitso. Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka masana amaitana atatu okha, n'kungowerenga chiyambi cha chigawo chomwe chikubwera. M'masunagoge a Orthodox, omwe amagwiritsitsa mwambo wakale, oitanidwa ndi amuna okha. A Reform ndi a Conservative amaitananso amayi. Akatha Tora pa Sabata ndi pa zikondwerero, amawerenga ndime ya m'mabuku a aneneri yotchedwa haftara.

Mwambowu ndi wakalekale. Deuteronomo 31 amalamula kuti Chilamulo chiziwerengedwa pamaso pa amuna, akazi, ana ndi alendo kamodzi pa zaka 7 zilizonse, pa chikondwerero cha misasa. Nehemiya 8 amasimba za Ezara ataima pa nsanja ya matabwa ku Yerusalemu pa tsiku loyamba la mwezi wachisanu ndi chiwiri, kuwerenga kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa lili paliwombo, Alevi akutanthauzira, anthu akulira. Mwezi umenewo ndi Tishrei womwewu. Talmud, mabuku a zokambirana za arabi, imati kuwerenga kwa Lolemba ndi Lachinayi kunaikidwa kuti pasadutse masiku atatu anthu osamva Tora. Owerenga Chipangano Chatsopano akukumbukira Yesu akupatsidwa mpukutu wa Yesaya m'sunagoge wa ku Nazarete, komanso mawu a pa Machitidwe 15 akuti Mose amawerengedwa m'masunagoge Sabata lililonse.

Kale panali njira ziwiri. Ayuda a m'dziko la Israel ankamaliza Tora pa zaka zitatu, a ku Babulo pa chaka chimodzi. Benjamin wa ku Tudela, yemwe anayenda maiko ambiri kuchokera ku Spain, atafika ku Cairo cha m'ma 1170 anapeza masunagoge awiri, wina akutsata njira iyi, wina njira iyo. Ya ku Babulo ndi yomwe inapambana. Vuto lake n'lakuti zigawo 54 sizikwana bwino m'chaka. Kalendala ya Chiyuda imatsata mwezi wa kumwamba, choncho chaka wamba chili ndi masiku 353 mpaka 355, ndipo chikondwerero chikagwa pa Sabata chimabwera ndi mawerengo akeake. N'chifukwa chake masabata ena amaphatikiza zigawo ziwiri. Pofuna kuti zikondwerero zisataye nyengo yake, pa zaka 19 zilizonse, zaka 7 amaziwonjezera mwezi wina, ndipo m'zaka zoterozo zigawo zambiri zimawerengedwa pazokha. Ayuda ambiri okhala kunja kwa Israel amawonjezeranso tsiku pa zikondwerero zina, chizolowezi cha m'nthawi yomwe uthenga woti mwezi waoneka unkayenda ndi amithenga, motero zaka zina Yerusalemu amatsogola ndi chigawo chimodzi kwa masabata angapo, London n'kudzamupeza kutsogolo.

Myuda wophunzira satsegula Tora ili yokha. Baibulo lomwe Daniel Bomberg, Mkhristu wosindikiza mabuku ku Venice, anatulutsa mu 1524 ndi 1525 ndilo linakhala chitsanzo: mavesi ochepa pa tsamba, atazunguliridwa ndi ndemanga za anthu omwe sanaonanepo. M'makope a masiku ano mumapeza Rashi wa ku Troyes ku France, yemwe anakhala ndi moyo kuyambira 1040 mpaka 1105, akufotokoza mwachidule. Abraham ibn Ezra wa ku Spain amalondola galamala. Ramban wa ku Girona, wobadwa Rashi atamwalira kalekale, amatchula mawu a Rashi mwaulemu kenako n'kunena kuti sakugwirizana nawo. Palibe amene anamuchotsa pa tsambalo chifukwa chogonja pa mtsutso.

M'nthawi yathu ino, mayi Nechama Leibowitz a ku Yerusalemu, kuyambira 1942 kwa zaka pafupifupi 30, ankatumiza pa positi mapepala a mafunso a chigawo cha sabata imeneyo, anthu n'kumabweza mayankho, iwo n'kumachonga pamanja. Funso lawo lotchuka linali lakuti, kodi chikumuvuta Rashi apa n'chiyani? Ankatanthauza kuti ndemanga iliyonse ndi yankho, ndipo ntchito ya wophunzira ndi kupeza funso lomwe labisala m'vesi: chinthu chobwerezedwa popanda chifukwa chooneka, munthu wosowa mwadzidzidzi m'nkhani, nkhani ziwiri zosiyana zomwe zagundizana. Jonathan Sacks, rabi wamkulu wa ku Britain kuyambira 1991 mpaka 2013, ankalembanso sabata iliyonse. Koma mwambowu si wa akatswiri okha. Pa chakudya cha Lachisanu usiku wina aliyense pa tebulo atha kuyankhulapo, ndipo mnyamata wa zaka 13 pa bar mitzva yake, mwambo womulandira ngati wamkulu pa chipembedzo, amayenera kufotokoza chigawo chomwe chamugwera, kaya ndi cha Yosefe ndi abale ake, kaya ndi cha miyeso ya matabwa a chihema.

Ulendo wopita ku Tishrei umayamba kutali. Buku la Deuteronomo limatsegulidwa nthawi zonse pa Sabata loyandikira kusala kudya kwa tsiku la 9 la mwezi wa Av, pokumbukira Kachisi woyamba yemwe Ababulo anagwetsa mu 586 BC ndi wachiwiri yemwe Aroma anagwetsa mu 70 AD. Kuchokera pamenepo kufika chaka chatsopano pali masabata 7, ndipo haftara zake zonse ndi mawu otonthoza a Yesaya, kuyambira mutu 40. Ndiye m'masabata omwewo khutu limodzi limamva Mose akutsanzika, akukumbutsa anthu zolakwa zawo za m'chipululu, khutu lina limamva mneneri akuwatonthoza. M'mwezi wa Elul, womaliza m'chaka, Ayuda a mwambo wa Ashkenazi, wochokera pakati ndi kum'mawa kwa Ulaya, amaliza lipenga la nyanga ya nkhosa m'mawa uliwonse kupatula pa Sabata, ndipo ambiri amawonjezera Salimo 27 m'mapemphero.

Kutatsala Masabata awiri kuti chaka chithe, amafika pa matemberero a pa Deuteronomo 28: chilala, miliri, ukapolo, mzinda wozingidwa mpaka makolo kudya ana awo. Wowerenga amatsitsa mawu n'kufulumira, ndipo m'malo ambiri saitanira munthu wina pa ndimeyi, kuopa kuti angaoneke ngati amulozera tsoka; wowerengayo amadzitengera yekha. Talmud imati Ezara anakonza dala kuti matembererowa aziwerengedwa chaka chisanathe, kuti chaka chithe pamodzi ndi matemberero ake. Sabata lomaliza m'chaka limakhala la chigawo cha Nitzavim, chomwe chimayamba ndi Mose akuuza anthu kuti lero onse aimirira pamaso pa Mulungu, kuyambira atsogoleri mpaka otema nkhuni ndi otunga madzi. Rashi amafunsa chifukwa chake mawuwa akubwera matemberero atangotha. Yankho lake: anthu atamva matemberero 98 nkhope zinagwa, nati ndani angapirire zimenezi, ndipo Mose anawakhazika mtima pansi powauza kuti mwamukwiyitsa Mulungu kambirimbiri koma taonani, mudakalipo.

Rosh Hashana, chaka chatsopano, ndi tsiku la 1 ndi la 2 la Tishrei. Cha mu Seputembala 2025 chinatsegula chaka cha 5786. Tora imangoti ndi tsiku loliza malipenga. Arabi ndi omwe analitcha tsiku lachiweruzo, pamene anthu onse a padziko amadutsa pamaso pa Mlengi mmodzimmodzi, ndipo mapemphero amalitcha tsiku lomwe dziko linabadwa. Munthu akanayembekezera kuti awerenga Genesis 1, kapena Malamulo Khumi. Ayi. Amawerenga nkhani za m'nyumba imodzi yomwe muli mavuto.

Tsiku loyamba ndi Genesis 21: Sara wabereka Isake mu ukalamba, kenako wauza Abrahamu kuti athamangitse Hagara ndi Ismaele. Madzi atha m'chipululu, mayi wasiya mwana pansi pa chitsamba kuti asaone akufa. Talmud imati pa tsikuli Mulungu anakumbukira Sara, Rakele ndi Hana kuti akhale ndi ana, ndipo haftara yake ndi ya Hana akupemphera milomo yokha ikugwedezeka, wansembe namuyesa woledzera. Koma Rabi Yitzchak anatapamo china. Vesi limati Mulungu anamva kulira kwa mnyamatayo pomwe analipo, ndiye kuti munthu amaweruzidwa malinga ndi zochita zake za nthawi imeneyo, osati zomwe iye kapena zidzukulu zake adzachite. Phunziro lalikulu la tsiku lachiweruzo la Ayuda latengedwa pa mwana wa mdzakazi wa ku Ejipito, yemwe si kholo lawo.

Tsiku lachiwiri ndi Genesis 22, Abrahamu akumanga Isake pa guwa. Nyanga yomwe amaliza, shofar, ndi chikumbutso cha nkhosa yamphongo yomwe inakodwa m'ziyangoyango ija. Ndimeyi yavutitsa mitu kwa zaka zambiri. Ena amaona chikhulupiriro chopanda malire. Ena amafunsa kuti Abrahamu, yemwe anakambirana ndi Mulungu mpaka kutsitsa chiwerengero cha olungama a ku Sodomu kufika pa 10, bwanji anakhala chete pa mwana wake. Rashi amaonanso kuti mutu wotsatira ukuyamba ndi imfa ya Sara, nati anafa atamva zomwe zinachitika kuphiri.

Shofar imalira ka 100 pa tsiku m'masunagoge ambiri, kupatula tsikulo likagwa pa Sabata. Pali kulira kumodzi kotalika, kulira kutatu koduka, ndi kulira kwa timawu tifupitifupi totsatizana. Pofuna kudziwa kuti lipenga lizilira motani, arabi anakaphunzira kwa mayi wa Sisera, mkulu wa nkhondo wa adani a Israel, yemwe pa Oweruza 5 akusuzumira pawindo kudikira mwana wake wosabwerayo. Sanagwirizane ngati mayiyo ankabuula kapena ankasisima, choncho amaliza mitundu yonse iwiri. Maimonides, rabi wobadwira ku Cordoba yemwe anamwalira ku Egypt mu 1204, anati lipengalo likuuza ogona kuti adzuke. Kunyumba kumakhala maapozi oviika mu uchi ndi mafuno a chaka chokoma, ndipo masana ena amapita kumtsinje kukanena mawu a pa Mika 7 onena za machimo otayidwa m'nyanja yakuya.

Masiku 10 olapa amathera pa Yom Kippur, Tsiku la Chitetezo. Kwa maola pafupifupi 25, kuyambira dzuwa lisanalowe mpaka mdima wa tsiku lotsatira, osadya, osamwa ngakhale madzi, osasamba, osadzola, osavala nsapato zachikopa, osakhalira pamodzi m'banja. Ana ndi odwala omwe moyo wawo ungakhale pangozi sasala, pakuti kupulumutsa moyo kumaposa lamuloli. Ku Israel bwalo la ndege limatsekedwa, ndipo m'misewu ikuluikulu mumangoyenda ana pa njinga.

M'mawa amawerenga Levitiko 16, mwambo wa mkulu wa ansembe: kulowa m'malo opatulikitsa kamodzi pa chaka, mbuzi ziwiri zochitiridwa maere, ina yansembe, ina yosenza machimo kupita nawo kuchipululu. Zonsezi zinatha mu 70 AD. Kulibe Kachisi, kulibe guwa, kulibe mbuzi. Funso lomwe linatsala linali lalikulu: tsono machimo azichoka bwanji? Mabuku a arabi amasimba kuti Yochanan ben Zakkai, akudutsa pa mabwinja a Kachisi ndi wophunzira wake Yehoshua yemwe ankadandaula, anamuuza kuti pali chitetezo china chofanana nacho, ntchito zachifundo, natchula mawu a Hoseya akuti Mulungu amafuna chifundo osati nsembe. Kuwerenga za nsembe kunalowa m'malo mwa kupereka nsembe. Chiyuda cha masiku ano chinamangidwa pa kusintha kumeneku.

Kenako imabwera haftara, cha kumasana, njala itayamba kuluma. Ndi Yesaya 57 ndi 58, pomwe mneneri akunyoza anthu osala kudya omwe akuweramitsa mitu ngati bango uku akupondereza antchito awo. Kusala komwe Mulungu akufuna, akutero Yesaya, ndi kumasula omangidwa mopanda chilungamo, kugawana chakudya ndi anjala, kulowetsa osowa pokhala m'nyumba. Tangoganizani: sunagoge wadzaza kuposa tsiku lina lililonse m'chaka, anthu milomo yauma, ndiye wina akuimirira kuwayimbira kuti njala yawoyo payokha ndi yachabe. Arabi omwe anasankha ndimeyi ndi omwewo omwe analemba malamulo onse a kusalako. Sindiona kuti ankadzitsutsa. Ankadziwa kuti mwambo wovuta umabala kudzitama, naika mankhwala ake m'kati mwa mwambo momwemo.

Mishna, buku la malamulo la cha m'ma 200 AD, imanena mosabisa kuti Yom Kippur imafafaniza zolakwa za pakati pa munthu ndi Mulungu, koma zolakwira munthu mnzako sizichoka kufikira utakamupepesa. N'chifukwa chake m'masiku 10 aja anthu amayenderana ndi kuimbirana mafoni, kubweza ngongole, kupempha chikhululukiro. Lamulo limati wolakwa apite mpaka katatu, ndipo wolakwiridwa asaumitse mtima. Maimonides anapereka muyeso wake wa kulapa kwenikweni: munthu apezekenso pamalo pomwe anachimwira, mpata ulipo, mphamvu zilipo, koma asachite. Polapa m'sunagoge sanena kuti ndachimwa, amati tachimwa, akudziguguda pachifuwa, kutchula mndandanda wautali womwe muli machimo ena omwe wonenayo sanachitepo.

Masana amawerenga buku lonse la Yona. Mneneri wa Israel ndiye wothawa ndi wokwiya. Olapa ndi amalinyero achikunja ndi anthu a ku Nineve, mzinda wa Asuri omwe anagwetsa ufumu wa kumpoto wa Israel mu 722 BC. Mishna imati pa tsiku losala kudya mkulu azikumbutsa anthu kuti za Nineve sanalembe kuti Mulungu anaona ziguduli ndi kusala kwawo, koma kuti anaona ntchito zawo. Bukulo limatha ndi funso la Mulungu kwa Yona, lopanda yankho. Dzuwa likamalowa amapemphera pemphero lotsekera zipata, shofar ilira kamodzi, anthu apita kukadya. Ambiri usiku womwewo amakhoma msomali woyamba wa msasa.

Sukkot, chikondwerero cha misasa, imayamba pa 15 Tishrei, mwezi uli wathunthu, ndipo imatha masiku 7. Banja limamanga msasa pabwalo kapena pakhonde losafoleredwa, wofanana ndi msasa wa mlonda wa kumunda. Denga lake liyenera kukhala la zomera zodulidwa, nthambi kapena bango, lopereka mthunzi wochuluka kuposa dzuwa koma losathithikana, makamaka loti nyenyezi zizioneka. Amadyera mmenemo, ena kugona momwemo. Levitiko 23 amati n'chikumbutso cha misasa ya m'chipululu. Rabi Eliezer ndi Rabi Akiva anasiyana maganizo ngati inali misasa yeniyeni kapena mitambo ya ulemerero wa Mulungu. Rashbam, mdzukulu wa Rashi, anayang'ana nyengo: ino ndi nthawi yomwe tirigu, vinyo ndi mafuta zalowa m'nyumba, nthawi yomwe munthu amayamba kunena kuti manja angawa ndi omwe andilemeretsa. Ndiye pomwepo lamulo limamutulutsa m'nyumba yake yolimba.

M'mapemphero amanyamula nthambi ya kanjedza, nthambi zitatu za mchisu, ziwiri za msondodzi, ndi etrog, chipatso cha mtundu wa mandimu, n'kuzigwedeza mbali zonse zinayi, kumwamba ndi pansi. Ndemanga ina yakale imati etrog ili ndi kukoma ndi fungo, kanjedza kukoma kokha, mchisu fungo lokha, msondodzi ulibe chilichonse, monganso anthu: odziwa Tora ndi kuchita zabwino, odziwa chabe, ochita chabe, ndi opanda zonse. Msondodzi ukasowa, mwambo sunachitike. Numeri 29 amalamula ng'ombe zamphongo 13 tsiku loyamba, 12 lachiwiri, kutsika mpaka 7. Zonse pamodzi 70, zomwe Talmud imati zinali za mitundu 70 ya anthu a padziko.

Mapemphero amatcha Sukkot nyengo ya chisangalalo chathu. Ndipo buku lomwe masunagoge a Ashkenazi amawerenga pa Sabata la chikondwererochi ndi Mlaliki, lomwe limati zonse n'zachabe, wanzeru ndi chitsiru amafa mofanana, chuma chako adzadya ndi wina. Talmud imavomereza kuti anzeru ena anafuna kulibisa bukuli chifukwa mawu ake amatsutsana okhaokha. Olifotokoza ena amati linaikidwa apa kuti lichepetse phwando. Ine ndimagwirizana ndi omwe amati Mlaliki ndi msasa akunena chinthu chimodzi, pakuti Mlaliki yemweyo amabwereza kangapo kuti munthu adye, amwe, akondwere ndi ntchito yake. Chisangalalo chake n'cha munthu wodziwa kuti denga lake silikhalitsa.

Tsiku la 22 Tishrei ndi Shemini Atzeret, chikondwerero chotsekera masiku a misasa. Nsembe yake inali ng'ombe imodzi yokha, ndipo Rashi amati zili ngati mfumu ikuuza ana ake phwando litatha kuti kusiyana nanu kukundivuta, tsalani tsiku limodzi. Pa tsikuli amayamba kutchula mvula m'mapemphero, chifukwa ku Israel chilimwe chimakhala chikutha ndipo mvula yoyamba ili pafupi. Sanayambe kale poopa kuti ingawapeze m'misasa. Ayuda a kummwera kwa dziko lapansi amatsata kalendala yomweyo: ku Johannesburg pempherolo limagwera mwamwayi pa nthawi yomwe mvula ikuyamba, ku Cape Town, komwe mvula imagwa pakati pa chaka, limafika mvula yawo ikutha.

Simchat Tora, chisangalalo cha Tora, ndi tsiku lomwelo ku Israel, ndipo kwa ambiri a kunja ndi tsiku lotsatira. Dzinali mulibe m'Baibulo, mulibenso mu Talmud; chikondwererochi chinakula pambuyo pake chifukwa cha njira ya ku Babulo yomaliza Tora pa chaka. Amatulutsa mipukutu yonse m'kabati, kuzungulira nayo ka 7, kuvina nayo mpaka mumsewu. Aliyense woyenera amaitanidwa, choncho Deuteronomo 33 amaibwereza mpaka onse atakwana, ndipo ana amasonkhanitsidwa pansi pa nsalu ya pemphero kuti nawonso adalitsidwe. M'zaka za m'ma 1960, Ayuda achinyamata masauzande a ku Moscow, omwe ambiri sankadziwa Chihebri, ankadzaza msewu wa kunja kwa sunagoge pa usiku umenewu, boma la Soviet Union likuyang'ana. Pa 7 Okutobala 2023, tsiku lomwe Hamas inapha anthu pafupifupi 1,200 ku Israel ndi kuyambika kwa nkhondo ya ku Gaza yomwe yapha Apalestina masauzande ambirimbiri, linali tsiku lomweli, ndipo kuyambira pamenepo funso la mmene angavinire pa tsikuli lalowa m'maulaliki ambiri.

Ndime yomwe amavinira ndi ya maliro. Mose akwera phiri la Nebo, aona dziko lolonjezedwa ali patali, amwalira ali ndi zaka 120, manda ake osadziwika. Tora imathera anthu asanaoloke Yorodano, lonjezo lisanakwaniritsidwe. Arabi anafunsa kuti mavesi 8 omaliza, onena za imfa ya Mose, analemba ndani. Wina anati Yoswa. Rabi Shimon anati Mose yemweyo, Mulungu akunena, iye akulemba ndi misozi. Kulowa m'dzikomo kumangomveka mu haftara, Yoswa 1, koma asanafike pamenepo amakhala atatsegula kale mpukutu wachiwiri n'kuwerenga za kulengedwa kwa dziko mpaka Sabata loyamba, kuti pasakhale nthawi yoti wina anene kuti tamaliza.

Sabata lotsatira amawerenga chigawo choyamba chonse, kuyambira Adamu mpaka masiku a Nowa, ndipo mwezi wa Cheshvan womwe ukubwera ulibe chikondwerero ngakhale chimodzi. Wotsegula buku pa tsamba loyamba amakumana ndi Rashi akufunsa kuti, poti Tora ndi buku la malamulo, bwanji sinayambire pa Eksodo 12, pomwe pali lamulo loyamba lopatsidwa kwa mtundu wonse, lonena za kawerengedwe ka miyezi. Pa tsamba lomwelo Ramban akuyankha kuti funsolo likumudabwitsa, chifukwa kukhulupirira kuti dziko linachita kulengedwa ndiwo muzu wa chikhulupiriro chonse, kenako n'kuyamba kufotokoza zomwe akuganiza kuti funsolo linkatanthauza.